Pokémon: kuteteza ndi kupanga timu m'masewera a zilombo

Pokémon ndi masewera a pa kanema amene anthu awiri amamenyanitsa zilombo zojambula. Aliyense amakhala ndi timu ya zilombo zisanu ndi cimodzi. Amene zilombo zake zonse zakomoka ndiye wagonja. Palibe cilombo cimene cimafa, ndipo mulibe magazi.

Masewerawa anayamba ku Japan m'caka ca 1996, pa kamakina kogwira m'manja kochedwa Game Boy. Amene anayambitsa ndi Satoshi Tajiri pamodzi ndi kampani ya Game Freak. Tajiri ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'thengo, monga momwe ana athu amathamangitsira ziwala. Poyamba zilombozo zinalipo 151. Lero zapitirira 1,000. Codziwika kwambiri ndi Pikachu, kacikasu ka masaya ofiira kamene mumakaona pa zikwama za ana a sukulu ndi pa malaya a kaunjika.

Makolo ena akamva mawu akuti zilombo amadzidzimuka. Izi n'zithunzi cabe, zojambulidwa ndi anthu olembedwa nchito. Zambiri anazitengera ku nyama zomwe timazidziwa: mbewa, kamba, mbalame, nsomba, gologolo.

Kaseweredwe kake

Cilombo ciliconse cimaloledwa kukhala ndi njira zinayi zokha. Zina n'zomenyera, zina n'zodziciritsira, zina n'zofooketsera mdani. Pa ulendo uliwonse wosewera amasankha cimodzi mwa ziwiri: kugwiritsa nchito njira imodzi, kapena kubweza cilombo cake n'kutulutsa cina.

Odziwa bawo amva msanga. Pa bawo pali mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo zonse zili poyera. Katswiri amayamba wawerenga asanagwire njere, ndipo salola mzere wake wakutsogolo kuuma. Mu Pokémon kuwerenga kuliponso, koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu: nonse awiri mumasankha nthawi imodzi, mobisirana. Mukatha kusankha, cilombo caliwiro ndico cimayamba kumenya. Koma amene wasankha kusintha cilombo amatsogola, asanamenyedwe. Kuteteza konse kwagona pamenepa.

Mitundu 18

Zilombo zinagawidwa m'mitundu 18. Pali za moto, za madzi, za zomera, za magetsi, za nthaka, za miyala, za citsulo, zouluka, za poizoni, za nkhonya ndi zina. Mtundu uliwonse uli ndi umene umaugonjetsa ndiponso umene umauopa. Madzi amazimitsa moto. Moto umapsereza zomera. Zomera zimamwa madzi. Izi ngakhale mwana sangavutike nazo.

Mukamenya mtundu umene umakuopani, ululu wake umakhala kawiri. Mukamenya umene umakupirirani, ululu umakhala theka. Ndiye pali malo ena pomwe kumenya sikugwira n'komwe. Magetsi sacita kanthu pa cilombo ca nthaka. Civomezi sicikhudza cilombo couluka. Poizoni salowa m'citsulo.

Zilombo zambiri zili ndi mitundu iwiri. Izi nthawi zina zimathandiza, nthawi zina zimapweteketsa. Charizard ndi wa moto komanso wouluka. Mitundu yonse iwiriyi imaopa miyala, conco mwala ukamugunda ululu umakhala kanayi.

Tiyeni tione citsanzo. Inu mwatulutsa cilombo ca moto. Mnzanu ali ndi cilombo codziwa njira ya civomezi, imene dzina lake ndi Earthquake. Mukakhala pomwepo, basi mwakomoka. Ndiye mubweza ca moto cija n'kutulutsa couluka. Civomezi cija cingopita pacabe, mnzanu wataya ulendo wake. Koma naye mnzanuyo si mwana. Ulendo wina adzaganiza kuti musinthanso, ndipo m'malo mwa civomezi adzaponya mphezi, kuti mbalame yanu ikangotulukira ikumane nayo. Nanunso mukadziwa kuti iye waganiza motero, simusintha. Akatswiri amathera nthawi yambiri pa kuganizirana kotereku.

Zilombo za khoma

Cilombo ciliconse cili ndi manambala asanu ndi imodzi osonyeza mphamvu zake: moyo, liwiro, kumenya kwa mitundu iwiri, ndi kupirira kwa mitundu iwiri. Kumenya kwina n'kwa thupi, monga nkhonya, mano ndi zikhadabo. Kwina n'koponya ali patali, monga malawi, mafunde ndi mphezi. Cilombo cikhoza kupirira kumodzi koma n'kukhala cofewa pa kwinako.

Zilombo zopirira kwambiri osewera amazichula kuti khoma. Nchito yake ndi kulandira zibakera m'malo mwa zinzake. Ziwiri zochuka ndi Blissey ndi Skarmory, zimene zinabwera m'masewera a Gold ndi Silver mu 1999.

Blissey ndi wonenepa, wapinki, wonyamula dzira. Nambala yake ya moyo ndi 255, yoposa ya cilombo cina ciliconse. Malawi ndi mphezi amangozimeza ngati phala. Koma pa kupirira nkhonya ali ndi 10 yokha. Eetu, 10. Skarmory ndi mbalame ya citsulo. Pa kupirira nkhonya ali ndi 140, koma amaopa moto ndi magetsi. Mwaona pamene pali nzeru? Comwe Blissey amaopa, Skarmory amacilandira. Comwe Skarmory amaopa, kawirikawiri Blissey amacimeza. Awiriwa anasautsa osewera kwa zaka zambiri, mpaka anthu anawapatsa dzina limodzi lakuti SkarmBliss.

Njere 16

Nanga khoma limapambana bwanji, poti silimenya mwamphamvu? Limapambana ndi masamu. Tengani njere 16 za bawo kapena za cimanga, muziike pansi. Tinene kuti njerezi ndi moyo wonse wa cilombo ca mnzanu.

Pali njira yochedwa Toxic, yothira mdani poizoni woipa. Ulendo woyamba cotsani njere imodzi. Waciwiri cotsani ziwiri. Wacitatu zitatu, wacinayi zinayi, wacisanu zisanu. Werengani zomwe zacoka: ndi 15. Yatsala imodzi yokha, ndipo pa ulendo wacisanu ndi cimodzi cilombo cija cakomoka. Inu simunacimenye ngakhale kamodzi. Nchito yanu inali kungokhala moyo maulendo asanu ndi limodzi.

Zothandiza kukhala moyo zilipo. Njira ya Protect imachinga kumenya kwa ulendo umenewo, koma mukaibwereza motsatizana kawirikawiri imakanika. Njira za Recover, Roost ndi Soft-Boiled zimabweza theka la moyo, ndiye kuti njere 8. Cilombo ciliconse cimaloledwanso kunyamula kanthu kamodzi. Ca khoma nthawi zambiri cimanyamula Leftovers, kamene tingati mkute, ndipo kamabweza njere imodzi pa ulendo uliwonse. Njere imodzi ikuoneka yocepa, koma pa maulendo 16 ndi moyo wathunthu.

Mnzanu akaona poizoni akukula, amabweza cilombo cake, cifukwa cikadzatulukanso kuwerenga kumayambiranso pa njere imodzi. Apa m'pomwe pamabwera msampha wochedwa Stealth Rock, umene unayamba mu 2006. Ndi miyala yosongoka imene mumaimwaza ku mbali ya mnzanu. Cilombo cake ciliconse cikamatulukira cimalasidwa. Zambiri zimataya njere ziwiri. Charizard uja amataya 8, theka la moyo, asanacite ciliconse. Ndiye mnzanu akakhala, poizoni amudya. Akasintha, miyala imulasa.

Masamu amenewa ndi abwino kuyesera kunyumba ngakhale mulibe foni. Munthu amene wagwira njerezo ndi manja ake savutikanso kumva kuti theka la 16 ndi 8.

Kupanga timu

Ophunzira kumene amasankha zilombo zisanu ndi cimodzi zoopsa nkhope, zonse zomenya. Zili ngati timu ya mpira yopanda goloboyi ndi oteteza kumbuyo. Imagoletsa, inde, koma imalandiranso zigoli zambiri.

Odziwa amayamba ndi zilombo ziwiri kapena zitatu zochingirana. Njira yosavuta kwa woyamba ndi kutenga ca moto, ca madzi ndi ca zomera. Ca moto cikaopsezedwa ndi madzi, ca zomera cimalowa. Ca zomera cikaopsezedwa ndi moto, ca madzi cimalowa. Mukatero muyang'ane timu yonse n'kudzifunsa kuti, kodi pali mtundu umodzi umene zilombo zanga zitatu kapena zinayi zimauopa? Ngati ulipo, mnzanu adzakusesani ndi cilombo cimodzi cokha. Mlimi wa ku Tsangano amene wabzala mbatatesi zokhazokha amadziwa zomwe zimacitika ciwawu cikalowa m'munda.

Malo otsalawo mumagawa nchito. Pafunika womwaza miyala. Pafunikanso woisesa mnzanu akaimwaza kwa inu, ndipo njira ya Rapid Spin ndiyo tsache lake. Pafunika cilombo caliwiro comalizitsa adani ofooka. Ine ndimaona kuti timu yopanda womalizitsa ndiyo imapweteka mtima kwambiri, cifukwa mumagwira nchito yonse yofooketsa mnzanu koma n'kulephera kutseka masewera.

Palinso kugawa mphamvu zoonjezera. Cilombo ciliconse cimapatsidwa mapointi 510 oti muwagawe pa manambala asanu ndi imodzi aja, koma pa nambala imodzi simungaike oposa 252. Ndiye kuti mungadzaze ziwiri zokha. Zili ngati thumba limodzi la feteleza pomwe minda ilipo isanu ndi umodzi. Wa khoma amathira pa moyo ndi pa kupirira. Womenya amathira pa mphamvu ndi pa liwiro.

Kagologolo ka mu 2014

Pa mipikisano yaikulu ya dziko lonse amasewera mosiyana pang'ono. Aliyense amabwera ndi zilombo zisanu ndi cimodzi, amaonetsana, kenako amasankhapo zinayi. Pabwalo pamakhala ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Kumeneko Protect imapezeka pafupifupi pa timu iliyonse, cifukwa cilombo cimodzi cikadzichinga cinzake cimakhala cikugwira nchito.

Mu 2014 mpikisanowu unacitikira ku Washington, ku America. Anapambana ndi Se Jun Park wa ku South Korea. Cimene anthu amakumbukira mpaka lero ndi kacilombo kamene anabwera nako, Pachirisu, kagologolo koyera ka magetsi komwe ambiri ankakayesa kopanda pake. Kanali ndi njira yochedwa Follow Me, imene imakokera kwa iko kumenya komwe mdani walunjika pa mnzake. Pa timu yomweyo panali Gyarados, cinjoka ca madzi komanso couluka, cimene magetsi amacipweteka kanayi. Mdani akaponya mphezi kwa Gyarados, Pachirisu ankaikoka. Ndipo kagologoloka kanali ndi cibadwa cakuti magetsi akakagunda amakaonjezera moyo m'malo mokapweteka. Gyarados ankapeza mpata womenya mosatekeseka. Park anaona nchito imene inkasoweka pa timu yake, n'kufunafuna cilombo coigwira, ngakhale cinali caching'ono.

Khoma limagwanso

Pali anthu amene amadzaza timu yonse ndi makhoma. Masewera awo amatha kupitirira maulendo 100, ndipo ambiri amadana nawo. Koma mankhwala ake alipo. Njira ya Taunt imaletsa mdani kwa maulendo atatu kugwiritsa nchito ciliconse cosamenya, ndiye khoma silingadziciritse kapena kuthira poizoni. Zilombo za citsulo ndi za poizoni sizigwidwa ndi Toxic. Kuyambira mu 2019 kunabwera nsapato zochedwa Heavy-Duty Boots, zimene cilombo cikavala miyala ija siicilasa. Komanso njira iliyonse ili ndi malire a kangati mungaigwiritse nchito. M'masewera a Scarlet ndi Violet a mu 2022, opanga anacepetsa njira zodziciritsira zija kuti zisapitirire ka 8. Pa mipikisano yaikulu palinso wochi, conco wozengereza nthawi imamuthera.

Ndalama zake

Masewera enieni a masiku ano amafuna makina a Nintendo Switch, amene ndi odula ndipo si katundu wa pa msika wa Tsangano kapena wa Furancungo. Pa foni ya intaneti njira zilipo zina. Pokémon Showdown ndi tsamba laulere lopangidwa ndi okonda masewerawa. Mumangosankha zilombo n'kuyamba kumenyana ndi anthu a m'maiko ena, ndipo comwe cimatha ndi mamega anu a Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Maina a zilombo ndi a njira ali m'Cingerezi, conco mwana wosewera pamenepo akuwerenga, ngakhale iye mwini sakudziwa kuti akuphunzira.

Pokémon GO, imene inatuluka mu 2016, ndi ya pa foni. Pomenyana mumatenga zilombo zitatu ndi zishango ziwiri zokha, ndipo luso lagona pa kudziwa nthawi yotulutsa cishango. Kuilowetsa m'foni n'kwaulere, koma mkati mwake muli zinthu zogulitsa ndi ndalama zenizeni.

Masewera a Pokémon si njuga: wopambana salandira ndalama kwa wogonja. Koma pa foni yomweyo pamatulukanso zotsatsa za kubetcha ndi masamba onama olonjeza zilombo zaulere. Mwana akakupemphani nambala yacinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola ponena kuti masewera akufuna, musamupatse. Muuzeni akuonetseni pa foni pomwe palembedwa mtengowo, muwerenge limodzi, ndipo ngati mwagwirizana zogula mamega, nambalayo mulembe nokha.