Mmene Kafukufuku wa ku Mimosa Anasinthira Tiyi wa ku Mulanje

Tiyi amene alimi a ku Milonde, m'boma la Mulanje, amathyola sakoma chifukwa cha makina okha. Tsamba likaphwanyidwa kufakitale, enzyme yotchedwa polyphenol oxidase imafulumizitsa kuphatikizana kwa mpweya wa okosijeni ndi timichere ta m'tsambamo, n'kupanga ma theaflavin opatsa tiyi mtundu wowala. Kuchokera m'ma 1890, pamene Henry Brown ankadzala tiyi ku Mulanje, opanga tiyi ankadalira diso, mphuno ndi lilime. Zinthu zinasintha bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa litakhazikitsidwa mu 1966, likulu lake lili ku Mimosa. Mu 1972, ofufuza P. J. Hilton ndi R. T. Ellis anasonyeza kuti kuchuluka kwa ma theaflavin kumayenderana ndi mtengo wa tiyi wathu pamsika. Apa ofufuza za m'tsamba ndi osankha mitundu ya mbewu anayamba kuyezera muyezo umodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ena amati nzeruzi zinalemeretsa eni maesiteti okha. Dandauloli n'lomveka, chifukwa mafakitale ambiri ndi awo ndipo mlimi wamng'ono amagulitsa tsamba laliwisi. Komabe mitundu ya tiyi yosankhidwa ku Mimosa inafikanso m'minda ya alimi ang'onoang'ono, amene boma linawakhazikitsira Smallholder Tea Authority mu 1967. Cholakwika sichili pa kafukufukuyo koma pa kagawidwe ka phindu. Ngati ubwino wa tsamba umayezeka, mlimi wolilima ayenera kulipidwa molingana nawo.