Zaka 25 Chitsegulire Zipata: Thonje Lathu Likupita Kuti?

Pa 31 Okutobala 2025 panakwana zaka 25 chiyambire malonda opanda msonkho pakati pa maiko 9 a COMESA, pangano lomwe linakhazikitsidwa ku Lusaka mu 2000. Pa tsiku ngati lomweli mu 1991, anthu a mu Zambia anasankha Frederick Chiluba, yemwe boma lake linatsitsa msonkho wa katundu wakunja n'kuyamba kugulitsa makampani a boma. Kuno ku Zemba, m'boma la Chadiza, kulibe fakitale yomwe inatsekedwa, komabe zotsatira zake zinafika pakhomo lililonse.

Akuluakulu akukumbukira mizere ya sopo ndi saladi m'masiku a boma la UNIP, Chiluba asanalowe. Zipata zitatseguka, mashopu anadzaza. Koma walira mvula walira matope. Mafakitale omwe ankatetezedwa ndi msonkho anali ndi makina okalamba, ndipo mu 1993 chiwongoladzanja cha ngongole chinapitirira 100 peresenti. Akanagula ndi chiyani makina atsopano? Njinga za Eagle za ku Luangwa Industries ku Chipata zinalephera kupikisana ndi zakunja. Kafue Textiles inafooka, Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaima mu 2007, zovala zovalidwa kale za salaula n'kutenga msika.

Thonje lokha linayenda njira ina. Kampani ya boma ya thonje ya Lintco itagulitsidwa kwa Lonrho ndi Clark Cotton cha m'ma 1994, makampaniwa anayamba kukongoza alimi mbewu ndi mankhwala, ndipo zokolola zinakwera kuno kum'mawa. Ku Lusaka, Trade Kings, yomwe inayamba mu 1995, inakula ndi sopo wa Boom mpaka kumagulitsa m'maiko oyandikana nafe. Mpikisano unapindulitsa amene anali ndi mpamba, magetsi ndi makina. Wopanda zimenezi unamugwetsa.

Lero mlimi wa ku Zemba amagulitsa thonje pa mtengo woikidwa ndi ena. Likachotsedwa njere, lambiri limatuluka m'dziko lisanakhale ulusi, mlimiyo n'kukagula malaya ovalidwa kale ku Ulaya. Ntchito yopota, yoluka ndi yosoka, yomwe ili ndi phindu lenileni, imagwiridwa kwina.

Tsopano kwabwera msika wa Africa yonse, AfCFTA. Aphungu ndi makhansala akabwera kudzatiuza za msikawu, tiwafunse za magetsi odalirika, msewu wabwino ndi ngongole yotsika mtengo, chifukwa n'zimene mafakitale athu anasowa paulendo woyamba.