Tanthauzo la "kulembetsa" pa nkhani ya malo

Kulembetsa n'kupita kwa wina kuti akulembere. Tsinde lake ndi -lemba, ndipo -etsa akusonyeza kuti cholembera chili m'dzanja la munthu wina. Timalembetsa mwana sukulu, timalembetsa ukwati. Koma pa nkhani ya malo, mawuwa satanthauza chimodzimodzi m'mayiko onse.

M'madera ambiri a ku America, chikalata chogulira nyumba chimapita ku ofesi ya county, boma laling'ono la dera limene nyumbayo ili. Chimakhala chitasainidwa kale pamaso pa mboni yovomerezeka ndi lamulo. Kalaliki amalandira ndalama zolipirira, kudinda tsiku ndi ola, kupereka nambala, kujambula chikalatacho, n'kulowetsa mayina a wogulitsa ndi wogula m'kaundula amene aliyense ali ndi ufulu wofufuzamo. Mchitidwewu ndi wakalekale: ku Massachusetts lamulo lotere linalipo kale mu 1640.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Kalalikiyo satsimikiza kuti wogulitsa analidi mwini malowo. Kulembetsa kumeneku n'kudziwitsa anthu onse basi, n'chifukwa chake ogula ambiri amalipiranso inshulansi yoteteza umwini wawo. Komabe ola lodindidwa lija si lamasewera. Kathyali akagulitsa malo amodzi kwa anthu awiri, khoti limafunsa amene anayamba kulembetsa, ndiponso ngati wachiwiriyo ankadziwa za mnzake.

Kuno ku Malawi, pa malo amene ali pansi pa Registered Land Act ya 1967, dzina lolembedwa m'kaundula ndilo limapereka umwini. Choncho wina akakuuzani kuti malo ndi olembetsa, mufunseni kuti analembetsa m'kaundula uti.