Munda wa m'Botolo ndi Mbiri Yake

Mlimi aliyense wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi adziwa kuti mbande yozulidwa ku dimba m'mawa imakhala itafota dzuwa lisanafike pamutu. Tsono taganizani vuto la anthu akale amene ankafuna kuolotsa mbande panyanja, pa ulendo wa miyezi inayi kapena isanu. Madzi abwino anali osowa m'zombo, ndipo mphepo ya mchere inkatentha masamba, kotero kuti mbande zambiri zinkafera m'njira.

Amene anathetsa vutoli ndi dokotala wa ku London, Nathaniel Bagshaw Ward. Iye ankakonda zomera, koma utsi wa malasha wa mumzindamo unkamuphera mbewu zake. M'chaka cha 1829 anakwirira m'dothi lonyowa mbozi imene inali pafupi kusanduka gulugufe wa usiku, natsekera zonsezo m'botolo. Posapita nthawi m'botolomo munamera udzu ndi kachomera ka masamba onga nthenga kotchedwa fern. Zomerazo zinakhala moyo pafupifupi zaka zinayi popanda wozithirira.

Ward anaona chifukwa chake. Masana dothi ndi masamba zinkatulutsa nthunzi; nthunziyo pogunda galasi lozizira inkasanduka timadontho, ndipo timadonthoto tinkatsikiranso m'dothi. Madzi omwewo ankangozungulira, pamene utsi unkatsalira kunja.

Mu 1833 iye anakhomera mabokosi awiri a matabwa ndi magalasi, nabzalamo zomera, nawatumiza ku Sydney m'dziko la Australia. Zomerazo zinafika zili zobiriwira. Mu 1842 analemba buku lofotokoza njirayi, ndipo mabokosiwo anatchedwa dzina lake.

Zotsatira zake zinali zazikulu. Pakati pa 1848 ndi 1851, Robert Fortune anatulutsa mbande za tiyi zikwizikwi ku China kunka nazo ku India m'mabokosi otere. Cha m'ma 1860 mitengo ya cinchona, imene makungwa ake apatsa kwinini wochiza malungo, inachoka ku South America kupita ku India. Mu 1876 njere za mtengo wa mphira za ku Brazil zinameretsedwa ku munda wa Kew ku England, ndipo mbande zake zinatumizidwa ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka. Komatu phindu la wina linali tsoka la mnzake: China ndi Brazil anataya malonda amene kale anali m'manja mwao, ndipo chumacho chinapita kwa atsamunda.

Inunso mungathe kuyesa zimene Ward anaona. Tengani botolo loyera la kukamwa kwakukulu. Pansi ikani timiyala, kenaka makala osinja pang'ono, pamwamba pake dothi lakuda la pansi pa mitengo. Bzalani ndere ndi tizomera tokonda mthunzi, tonga timene timamera m'mikwasa ya phiri la Mphangwe nthawi ya dzinja. Wazani madzi ochepa, tsekani, ndipo ikani powala koma posafika dzuwa lenileni, chifukwa lingatenthe zomerazo. Galasi likachita nkhungu tsiku lonse, tsekulani pang'ono.

Aphunzitsi, botolo limodzi lotere pa zenera la kalasi lidzaonetsa ana ndi maso ao momwe masamba abwezera madzi kumwamba. Mwana amene waona zimenezi sadzavutika kumvetsa chifukwa chake tiyenera kusunga mitengo ya m'mapiri ndi ya m'mbali mwa mitsinje yathu.