Mbiri ya Gaga ndi Matenda a Shuga

Matenda a shuga si acilendo pa dziko lapansi ai. Asing'anga a ku India a masiku amakedzana anaona kuti nyerere zinali kuunjikana pa mkodzo wa odwala ena, ndipo nthendayo anaicha mkodzo wa uci. Patapita zaka mazana ambiri, m'caka ca 1776, dotolo wa ku Liverpool dzina lace Matthew Dobson anaumitsa mkodzo wotere pa moto, ndipo pansi pa mbale panatsala shuga weniweni. Cotero madotolo anamdziwa mdani wao, koma cida comgonjetsera analibe. Cimene anatha kucita ndico kumana wodwala cakudya. Ku America dotolo Frederick Allen anali kucepetsa cakudya ca odwala ace kwambiri, kotero kuti ena, m'malo mwa kufa ndi shuga, anafa ndi njala.

Thandizo lenileni linafika m'caka ca 1921, pamene Frederick Banting ndi Charles Best a ku Toronto, m'dziko la Canada, anapeza mankhwala ochedwa insulini m'kapamba wa agaru. Mu January 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, amene anali pafupi kufa, analasidwa jakisoni wa mankhwalawo, nakhala ndi moyo zaka zina 13.

Koma matendawa ali a mitundu iwiri yaikuru. Pa mtundu woyamba, umene kawirikawiri umagwira ana, thupi limaleka kupanga insulini, ndipo wodwala sangathe kukhala ndi moyo popanda jakisoni. Pa mtundu waciwiri thupi limapanga insulini ndithu, koma silimumvera bwino, ndipo shuga amangocuruka m'magazi. Mwa odwala 10, pafupifupi 9 ali ndi mtundu waciwiriwu. Funso lakuti cifukwa ninji mtundu umenewu umakonda anthu a m'matauni linayamba kuyankhidwa m'zipatala za mu Africa muno.

Dotolo Hugh Trowell anafika ku Kenya m'caka ca 1929, ndipo pambuyo pace anagwira nchito zaka zambiri pa cipatala ca Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Iye anadabwa kuona kuti matenda amene anali kudzaza zipatala za ku London, monga shuga, matenda a mtima ndi kudzimbidwa, sanali kuoneka kawirikawiri pakati pa odwala ocokera kumidzi. M'caka ca 1960 analemba buku lofotokoza zimenezi. Nkoyenera kunena kuti odwala ambiri a kumidzi sanali kufika kucipatala kuti awerengedwe, ndi kuti munthu amene amalima ndi khasu kuyambira m'bandakuca sanganenepe monga kalaliki wokhala pa mpando tsiku lonse. Ngakhale ziri cotero, kusiyanako kunali kwakukuru, ndipo Trowell anayamba kuganizira za cakudya.

Mnzace pa nchito imeneyi anali Denis Burkitt, dotolo wa opareshoni amene nayenso anagwirapo nchito pa Mulago. Iyeyu, pamodzi ndi Alexander Walker wa ku Johannesburg, anacita cinthu cimene anthu aulemu wao anaciseka: anapima pa sikelo cimbudzi ca anthu a mitundu yosiyanasiyana. Zimene anafalitsa m'caka ca 1972 zinaonetsa kuti ca munthu wa kumudzi ku Uganda cinali kulemera pafupifupi kanai kuposa ca munthu wa ku England, ndiponso cakudya cinali kupyola m'mimba mwace msanga. Cosowa m'cakudya ca Azungu cinali gaga, ndiko kuti mbali ya mbeu, ya nyemba ndi ya masamba imene mimba ya munthu siitha kugaya. Kuyambira m'zaka za 1870 zigayo zatsopano za ku Europe zinali kucotsa gaga yense m'tirigu kuti buledi ayere, ndipo madotolo a nthawiyo anaona ngati palibe cataika, popeza cinthu cosagayika cingapatse munthu mphamvu bwanji?

Nkhani imeneyi siiri kutali ndi khomo la munthu wa ku Kitwe kapena ku Lusaka. Ngakhale kumudzi, mai akakonola cimanga mu mtondo amapeta gaga napatsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo nsima ya mgaiwa ambiri amaiyesa ya osauka. Koma kumudzi gaga wotaika pa licero anali kubwerera m'mbale mwa njira zina: kayera, nzama, nshawa, kandolo, cibwabwa, delele ndi zipatso za m'chire. M'tauni, mmene thumba la breakfast meal limapatsa nyumba ulemu kuposa la roller meal, ndipo cakudya ca m'mawa ciri buledi woyera ndi tiyi wa masipuni atatu a shuga, njira zimenezo zimacepa.

Trowell ndi Burkitt anaganiza kuti gaga amagwira nchito ngati tsace losesa m'matumbo, ndi kuti amacedwetsa shuga kulowa m'magazi. Anali kunena zoona, koma mbali ina ya nkhaniyi inali m'manja mwa akatswiri a tizirombo tosaoneka ndi maso.

M'masiku a Louis Pasteur ndi Robert Koch anthu anaphunzira kuti tizirombo totere timabweretsa matenda, ndipo posacedwa tonse tinayesedwa adani. Ku London dotolo wochuka, Arbuthnot Lane, anafika pomadula ndi kucotsa matumbo akuru a odwala ena, pokhulupirira kuti tizirombo ta mmenemo tinali kuthira ululu m'thupi. Komabe m'caka ca 1899 Henry Tissier wa ku Paris anapeza mtundu wa tizirombo umene umacuruka m'matumbo a makanda athanzi oyamwa bere la mai wao, ndipo mu 1907 Élie Metchnikoff analemba kuti alimi a ku Bulgaria anali kukhala zaka zambiri cifukwa ca kumwa mkaka wosasa, wonga mabisi. Umboni wace unali wocepa, ndipo maganizowo anagona zaka zambiri. Lero kwadziwika kuti m'matumbo akuru a munthu mmodzi mumakhala tizirombo toposa ciwerengero ca anthu onse a pa dziko lapansi kuwirikiza zikwi zingapo, ndipo tambiri mwa ito tiribe cifukwa ndi mwini thupi.

Njira ziwirizi zinakomana m'caka ca 1995, pamene Glenn Gibson wa ku England ndi Marcel Roberfroid wa ku Belgium anapanga liu lakuti prebiotics, kutanthauza zakudya zimene munthu sagaya koma zimadyetsa tizirombo tothandiza. Cimodzi mwa izo ndi inulin, imene imapezeka mu anyezi ndi adyo. Dzina lace likufanana ndi la insulini, koma ziwirizi si pacibale ai. Zakudya zotere zikafika m'matumbo akuru, tizirombo timazisasitsa monga momwe cimera cimasasira mumphika wa mowa, ndipo pamaturuka timadzi ta asidi. Mtundu wina wa asidiyo, wochedwa butyrate, ndiwo cakudya ca khungu la m'kati mwa matumbo. Asidiyo amacititsanso matumbo kuturutsa mthenga wochedwa GLP-1, amene amauza kapamba kuti aturutse insulini, nauzanso munthu kuti wakhuta. Gaga uja amene madotolo anamuyesa zinyalala anali cakudya ca anchito osaoneka.

Umboni unayamba kuunjikana. M'caka ca 2012 akatswiri anayerekeza anthu a kumidzi ya ku Malawi ndi ku Venezuela ndi anthu a m'mizinda ya ku America, napeza kuti a ku America anali ndi mitundu yocepa ya tizirombo ta m'matumbo. Caka comweco ku China anapima anthu 345, ndipo mwa odwala shuga tizirombo topanga butyrate tinali tocepa. Mu 2018 Liping Zhao ndi anzace anafalitsa zimene anapeza atadyetsa odwala ena a ku China cakudya ca gaga wambiri kwa milungu 12: tizirombo tothandiza tinacuruka, ndipo shuga wao anatsika kuposa wa anzao amene anadya mwa nthawi zonse.

Apa mpofunika kusamala, pakuti amalonda athamanga kuposa madotolo. Odwala amene anapimidwa m'mayeso ambiri otere anali owerengeka, ndipo a ku China aja anali kumwanso mankhwala pa nthawi yonseyo. Mu 2015 kunapezeka kuti mapiritsi a metformin, amene odwala shuga ambiri amalandira kucipatala, nawonso amasintha tizirombo ta m'matumbo, kotero kuti zina zimene poyamba zinayesedwa zocita za matenda zinali zocita za mankhwala. Ufa wa prebiotics wogulitsidwa m'mabotolo umatsitsa shuga pang'ono cabe, ndipo wodwala amene ataya mapiritsi kapena jakisoni cifukwa ca ufawo aika pa ngozi maso ace, impso zace ndi miyendo yace.

Pali cinthu cinanso cimene cinatulukira ku Cambridge m'caka ca 1982. Hans Englyst ndi anzace anaona kuti cakudya ca ufa cikaphikidwa ndi kuzizira, mbali ina ya ufawo imalimba, nikana kugayika, ndipo imapita kukadyetsa tizirombo monga gaga. Pambuyo pace ku South Africa anapima anthu atadya nsima ya cimanga yotentha ndi yozizira, ndipo yozizira sinakweze shuga m'magazi kwambiri monga yotentha. Nsima ndi nsima ndithu, ndipo mitanda isanu ya cimbala idzakweza shuga wa wodwala ngakhale itazizira usiku wonse. Koma cimbala ca dzulo ndi kayera wotsala, cimene mwana wa m'tauni amacita naco manyazi pamaso pa anzace onyamula mabanzi, cimafika kwa tizirombo tija ndi cakudya cambiri kuposa banzi.