Mlandu wa Monroe ndi Apolisi a ku Chicago

M'caka ca 1958 apolisi 13 a mumzinda wa Chicago, ku America, anathyola nyumba ya James Monroe, munthu wakuda, mbandakuca, opanda cikalata ca bwalo. Anamuimika wamarisece pamodzi ndi mkazi wace, namsunga kupolisi maora 10, nammasula wopanda mlandu.

Monroe anawasumira, natsamira pa lamulo la 1871 loteteza akapolo omasulidwa, limene linali litagona zaka zambiri. Mu 1961 Bwalo Lalikuru la dzikolo linagamula kuti munthu woponderezedwa angathe kusumira wapolisi kuti amlipe, koma mzinda womlemba nchito ai. Mu 1978 bwalo lomwelo linalola kusumiranso mzinda, ngati coipaco cacokera m'malamulo kapena m'cizolowezi cace. Motero mwini nchito nayenso anayamba kuyankha pa nkhanza za anchito ace.