Kuchokera pa Mlatho wa Dona Ana Kufika ku Chichiri

Mlatho wa Dona Ana, umene uli pakati pa Sena ndi Mutarara pa mtsinje wa Zambezi, unatsegulidwa m'chaka cha 1935. Ndi wautali makilomita oposa 3.5, ndipo ndi umene unapatsa dziko la Nyasaland njanji yosadukiza yofika ku doko la Beira. Unamangidwa ndi kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, yomwenso inamanga mlatho wa pa mathithi a Victoria m'chaka cha 1905. Anthu akuda ndiwo anakumba maziko, kusenza zitsulo ndi kusakaniza konkire, koma mapulani ndi masamu ake zinachokera ku Mangalande.

Kugawana ntchito kotereku kunali ndi mizu yake. Ku Ulaya, uinjiniya wa zomangamanga unali utakhala kale ntchito ya ophunzira. Dziko la France linatsegula sukulu ya milatho ndi misewu m'chaka cha 1747. Ku Britain, John Smeaton anadzipatsa dzina losonyeza kuti ntchito yake inali yotumikira anthu wamba, pofuna kudzisiyanitsa ndi mainjiniya a asilikali. Bungwe la Institution of Civil Engineers linakhazikitsidwa m'chaka cha 1818, ndipo Yunivesite ya Glasgow inalandira pulofesa wake woyamba wa phunziroli m'chaka cha 1840. Komabe kwa nthawi yaitali ambiri ankaphunzira ntchitoyi pomangirira kwa katswiri wodziwa kale.

Kuno kwathu amishoni anaphunzitsa manja, osati masamu apamwamba. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene Robert Laws anayambitsa m'chaka cha 1894, inatulutsa akalipentala ndi omanga nyumba aluso. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi umboni wa luso la amisiri akuda. Koma mmisiri wotere sankafika poti n'kusaina pulani.

Zinthu zinayamba kusintha ufulu utabwera. Sukulu ya Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1965 ndipo inalowa mu Yunivesite ya Malawi mu 1967. Kuyambira 2021 ndi yunivesite yoima payokha, MUBAS. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo nthambi yake ya uinjiniya inayamba mu 1969. Apa zidzukulu za osenza zitsulo aja zinayamba kuphunzira mphamvu ya dothi, kayendedwe ka madzi ndi kulemera kumene mlatho ungapirire.

Ngakhale zili choncho, digiri yokha siikwanira. Mwambo wakale uja womangirira kwa katswiri ukadalipo: wotsiriza maphunziro amagwira ntchito zaka zingapo moyang'aniridwa ndi injiniya wovomerezeka asanalembedwe m'kaundula. Pa zaka zimenezi amakumananso ndi vuto la chiyankhulo. Zonse anaziphunzira m'Chingerezi, koma pamalo omangira ayenera kufotokozera amisiri m'Chichewa, m'Chisena kapena m'Chitumbuka chifukwa chimene madzi ochuluka amafooketsera konkire. Akalephera kufotokoza, malire akale aja a wojambula ndi wosenza amabwereranso, kungoti tsopano onse awiri ndi eni nthaka.

Namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera kwa Malawi mu 2023, zinaonekera poyera kuti moyo wa anthu umadalira masamu a injiniya ndiponso kumvana kwake ndi wogwira fosholo.